KACASU WA KU SCOTLAND AMENE ANAGONA MU MGOLO ZAKA 80

Munthu amene anafikako ku misasa ya alendo imene yandanda m'mbali mwa Luangwa, kuyambira pa mlatho wa Mfuwe kutsika kumunsi kwa a Malama ndi kukwera kumtunda kwa a Nsefu, adziwa kuti dzuwa likapendeka pamakhala mwambo umene sulephereka. Alendo akabwerako koona nyama amakhala pansi pa mitengo kupenyerera mvuu, ndipo anyamata athu a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya ndi kwa Jumbe, atabvala zoyera, amawathirira zakumwa.

Pakati pa mabotolo a pa bala pali ena amene satsegulidwa kawirikawiri. Mowa wace ndi wofiirira ngati uci wa m'mphako, ndipo sauthira kudzaza tambula iai, koma pang'ono cabe, kungobisa pansi. Pa botolo lina lotere ndinawerenga dzina lakuti The Glenlivet, ndi nambala 12 yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito pa bala ya msasa wina, anandiuza kuti ndalama imene mlendo alipira pa kamowa kobisa pansi pa tambulako ingagule tambala wamkulu kumudzi, cenji n'kutsalako. Mnyamatayu wathira mowawu zaka zingapo, koma sanauzidwepo cimene ciudulitsa motero, ndipo anandipempha kuti ndikafufuze.

Ndinafufuza, ndipo zimene ndinapeza ndaona kuti n'zoyenera kuuzako awerengi onse a ku Malambo, makamaka amai amene acheza kacasu kuseri kwa midzi, ndi mafumu ndi makhansala amene amaweruza milandu yao. Pakuti mowa umenewu, umene auchula wisiki, ndi kacasu ndithu. Anauyamba ndi alimi osauka a m'cigwa cakutali ndi boma, amene anali kucheza mobisala m'thengo, namathamangitsidwa ndi anthu a msonkho monga mmene anzathu athamangitsidwira ndi apolisi lero.

CIMERA, MKUWA NDI MTENGO

Dzina lakuti wisiki licokera ku cinenero ca anthu a kumapiri a Scotland, ku mau akuti uisge beatha, ndiko kunena kuti madzi a moyo. Nalonso dzina lathu la kacasu n'lobwera: lifanana ndi cachaça, dzina la mowa wocheza m'cinenero ca Apwitikizi, amene anakwera Zambezi mpaka ku Tete ndi ku Zumbo, pamene Luangwa wathu athirira. Colembedwa cakale koposa conena za mowawu ku Scotland ndi ca caka ca 1494, m'mabuku a cuma ca mfumu, ndipo cinena za cimera cimene anapatsa mbale wina wa cipembedzo, John Cor, kuti acheze naco.

Pa botolo lija panalembedwanso mau awiri a Cingerezi, single malt. Malt ndi cimera basi. Single atanthauza kuti mowa wonse wa m'botolomo unacokera pa moceza pamodzi, wosasanganiza ndi wa kwina. Mbeu yace ndi barele, yonga tirigu. Amaiviika m'madzi masiku 2 kapena 3, naisiya kuti imere, kenaka naiumitsa ndi kuipera. Mai aliyense wofulula mowa wa mapira aona kuti mpaka pano palibe cacilendo. Ufa wa cimerawo amauthira madzi otentha, nasefa madzi otsekemera onga thobwa, naikamo yisiti kuti awire masiku 2 kapena 3. Shuga saloledwa ngakhale supuni imodzi. Kutsekemera konse kucokere m'cimera.

Kusiyana kuyamba pamoto. Iwo amacheza kawiri, ndipo miphika yao ndi ya mkuwa, yaitali kuposa nyumba, ya makosi onga a kakowa. Sanasankhe mkuwa cifukwa ca kuwala kwace. Nthunzi ikamakhudza mkuwa, mkuwawo umagwira zonunkha zija zonga dzira lobvunda, motero mowa umatuluka woyera. Apa ndinaima kaye ndi kupukusa mutu. Ife ndife dziko la mkuwa, umene ucoka ku Migodi kupita maiko onse, koma amai athu acheza m'madramu a dzimbiri ndi mipope yotola pa njinga zakufa.

Cinthu caciwiri cidzadabwitsa akumwa a kwathu. Madontho oyamba kutuluka pa mpope, amene ife timati mutu kapena nambala wani, ndi kuwalipira mtengo wapamwamba, ku Scotland saloledwa kulowa mu mgolo. Wocheza amawapatutsa pambali pamodzi ndi madzi ofooka otsiriza, nawabwezera mumphika kuti akachezedwenso ulendo wina. Amatenga a pakati okha. Cifukwa cace n'cakuti m'madontho oyamba ndimo mucuruka zoipa zopepuka zimene zimathamangira kutsogolo, zoluma pakhosi ndi zowawitsa mutu mmawa. Cimene ife tiyesa mphamvu ya mowa, iwo aciyesa litsiro lace.

Mowa wa pakatiwo umatuluka woyera ngati madzi, waukali pafupifupi 70 pa 100. Mutaulawa simungausiyanitse kwambiri ndi kacasu wocheza bwino. Koma lamulo la dziko lao likaniza kuuchula Scotch kufikira utagona zaka 3 m'migolo ya matabwa a oki, mtengo umene Buku Lopatulika liuchula thundu, ndipo ugone m'dziko la Scotland momwemo. Lamulo la zaka 3 linakhazikika m'caka ca 1916, pa nkhondo yoyamba, pamene boma linaona kuti mowa wauwisi uli kuononga anthu a nchito. Mtengowo ndiwo upatsa mowa kufiira ndi kukoma kwace kwakukulu. Nambala 12 ija itanthauza kuti dontho laling'ono msinkhu m'botolomo linagona zaka 12 mu mgolo. Zaka za m'botolo siziwerengedwa, pakuti galasi silipatsa mowa kanthu; mungasunge botolo pansi pa bedi mpaka imvi, lidzakhalabe la zaka 12.

CIGWA CA OCHEZA MOBISA

Livet ndi kamtsinje ka kumpoto kwa Scotland. Kathira mu Avon, ndipo Avon athira mu Spey, monga Lupande athira mu Luangwa ndi Luangwa mu Zambezi. Mau akuti glen ndiwo cigwa. Glenlivet tsono ndi cigwa ca Livet, dziko lozizira, la mapiri, kumene kale miseu inali kutsekeka ndi cisanu monga yathu itsekeka ndi matope a January.

Alimi a kumeneko anali alendi pa nthaka ya mwini dziko, Duke wa ku Gordon, ndipo anali kulipira lendi caka ndi caka. Barele wao sanali kupeza msika, pakuti kunyamula matumba kudutsa mapiri kunali kudya phindu lonse. Koma akamcheza, thumba lolemera linali kusanduka kamgolo kamene kabulu kapena kavalo anyamula mosabvuta. Mlimi wa kwa Msoro kapena kwa Malama amene anaonapo mango ndi masau ace akubvunda pansi cifukwa ca kusowa galimoto amvetsa nzeru imeneyi popanda womasulira.

Boma linaika msonkho pa mowa wocheza kuyambira 1644, ndipo dziko la Scotland litaphatikana ndi Mangalande mu 1707 msonkho unanka nukwera, kufikira miphika ing'onoing'ono inaletsedwa. Anthu sanaleke. Anangosamutsa miphika kupita nayo m'mapanga ndi m'mikwawa. Mbiri imati m'cigwa ca Livet mokha munali miphika yobisika yokwana 200, ndipo usiku magulu a amuna anali kutsetsereka ndi akavalo kupita ku mizinda ya kumunsi. Pofika zaka za m'ma 1820 anthu a msonkho anali kugwira miphika yofika 14,000 pa caka, koma utsi sunaleke kufuka m'mapiri. Cocititsa manyazi cinali cakuti mowa wobisawo unali wokoma kuposa wa m'mafakitale ololedwa, ndipo olemera ndi oweruza omwe anali kuugula. Mu 1822, pamene Mfumu George IV inaceza ku Edinburgh, mbiri imati inaitanitsa Glenlivet, ngakhale kuti m'cigwamo munalibe wocheza ndi mmodzi yemwe wokhala ndi cilolezo.

Amene anamasula mfundo ndi mwini nthaka uja, Duke wa ku Gordon. Iye anauza nyumba ya malamulo ku London kuti anthu ace sadzaleka kucheza, ndipo analonjeza kuti boma likatsitsa msonkho ndi kupereka zilolezo pa mtengo wotheka, eni nthaka adzathandiza kucotsa ocheza mobisa. Mu 1823 lamulo latsopano linatuluka: cilolezo mapaundi 10, msonkho wotsika pa galoni iliyonse, ndipo mphika usacepere magaloni 40.

Caka cotsatira, 1824, mlimi wina wa pa Upper Drumin, dzina lace George Smith, amene nayenso anali kucheza mobisa monga anzace, anapita kukatenga cilolezo. Ndiye anali woyamba m'cigwa conse. Anansi ace anamuona ngati kapirikoni, wogulitsa mudzi kwa anthu a msonkho, ndipo anamuopseza kuti adzamtenthera moceza mwace iye ali momwemo. Sikunali kuopseza kwa pakamwa cabe, pakuti m'madera ena ocheza a zilolezo anatentheredwadi. Mwini dziko la Aberlour anampatsa mfuti ziwiri zazifupi, ndipo Smith anayenda nazo m'cuuno zaka zambiri. Koma m'kupita kwa nthawi anzace aja anagonja. Iye anali kugulitsa masana, poyera, kwa amalonda a ku Edinburgh, ndipo anali ndi mtendere wosunga mowa wace kuti ukhwime, pamene iwo anali kugulitsa mothamanga usiku. Mu 1858 anayamba kumanga moceza mwamukulu pa Minmore, pamene fakitale iri mpaka lero, ndipo anamwalira mu 1871.

Dzina litachuka, aliyense analifuna. Ocheza a kutali ndi kamtsinje ka Livet anayamba kulemba Glenlivet pa migolo yao, kotero kuti anthu ananyodola kuti cigwaci ndico cacitali koposa m'dziko lonse. Nafenso tidziwa mmene mpunga uliwonse ukafika pa msika umasandukira wa ku Chama. Mwana wace wa Smith, John Gordon Smith, anapita nao ku khoti, ndipo mu 1884 anapangana kuti iye yekha ndiye alembe The Glenlivet. Enawo aziphatika dzinalo kumbuyo kwa maina ao. Banja la Smith silinakhale nayo fakitale mpaka muyaya. Kuyambira 2001 iri m'manja mwa kampani ya ku France ya Pernod Ricard.

MGOLO NAMBALA 340

M'tauni ya Elgin, kumunsi kwa mapiriwo, muli sitolo ya Gordon & MacPhail, imene inatsegulidwa mu 1895 ngati golosale yogulitsa tiyi, vinyo ndi zina. Eni ace, a banja la Urquhart, anali ndi cizolowezi cotumiza migolo yao ku mafakitale kuti aithire mowa wauwisi, iwo naisunga. Pa 3 February, 1940, John Urquhart ndi mwana wace George anadzazitsa pa Glenlivet mgolo umene unalembedwa nambala 340. Unali mgolo waukulu, wa mtundu wolowa malita ngati 500, umene kale unasunga vinyo wa sherry wa ku Spain. Nkhondo yaciwiri inali itayamba, barele anali kufunika kudyetsa anthu, ndipo posacedwa mafakitale ambiri anazimitsa moto.

Tiyeni tiwerenge zaka za mgolowu ndi zaka zathu. M'caka cimene unadzazidwa, m'mwezi wa August, asikari a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland, ndipo Chipata anali kuchedwa Fort Jameson. Mu 1950, pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kutsegula msasa woyamba wa alendo oona nyama, ndalama zace zikumapita ku thumba la anthu a mfumu, mgolo unali ndi zaka 10. Mbendera ya Zambia itakwera pa 24 October, 1964, unali ndi zaka 24. South Luangwa atalengezedwa kukhala paki ya dziko mu 1972, unali ndi zaka 32. John anamwalira, George anakalamba namwalira, mgolo uli gone mumdima. Adzukulu ndi adzukulu-tubzi ndiwo anali kubwera nthawi ndi nthawi kudzatunga pang'ono ndi kununkhiza. Kunali kuika moyo pa ciswe, pakuti mowa ukakhalitsa mtengo ungaupose mphamvu n'kuwawa ngati khungwa, ndiponso ukali wace ukatsika pansi pa 40 pa 100 lamulo silikuuyesanso wisiki, ndipo zaka zonsezo zikanapita pacabe.

Anautsegula pa 5 February, 2020, utakwanitsa zaka 80, ukali wace uli 44.9 pa 100. Munatuluka mabotolo 250 okha, ndiwo malita 175. Otsalawo anapita kuti? Mtengo umapuma, ndipo caka ciriconse pafupifupi magawo 2 pa 100 amauluka kudzera m'matabwa. Eni ace amati limenelo ndi gawo la angelo. Botolo lace analijambula ndi David Adjaye, mmisiri wa nyumba wobadwira ku Dar es Salaam kwa makolo a ku Ghana. Pa nthawiyo unali single malt wakale koposa amene anaikidwapo m'botolo, ndipo mu October 2021 botolo loyamba linagulidwa pa msika wa okweza mtengo wa Sotheby's ku Hong Kong pa madola a ku America ngati 193,000. Gawo la ndalamazo analipereka ku bungwe la Trees for Life, lobzala mitengo m'mapiri a Scotland.

Ndisakunamizeni, abale anga, kuti mtengo wotere ndi wa kukoma. Palibe lilime limene lingamve madola 193,000. Mu November 2023 botolo limodzi la fakitale yoyandikana nayo ya Macallan, la mowa wa 1926, linagulidwa ku London pa mapaundi opitirira 2 miliyoni. Awa ndi masewera a anthu olemera, opikisana kukhala ndi cinthu cimene mnzao alibe, ndipo mabotolo ambiri otere satsegulidwa konse. Cimene candigwira mtima ine si mtengowo koma mtima wa munthu wodzaza mgolo pakati pa nkhondo, osadziwa ngati mawa kudzaca, nausiyira mdzukulu amene sanabadwe. Mtima wotere ufuna munthu wokhala ndi cakudya ca lero, ndi wosaopa kuti mawa boma lidzamphwanyira mgolo.

NANGA KUNO KWATHU?

Wina angafunse ngati kacasu wa ku Malambo angagone zaka 80. Sangathe. M'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa cathu kumapitirira madigiri 40, ndipo angelo a kuno ndi a ludzu. Ku India, kumene nako acheza single malt masiku ano, mgolo umataya magawo 10 pa 100 kapena kuposa pa caka cimodzi. Koma kutentha komweko kumafulumizitsa kukhwima, kotero kuti zaka zocepa zikwanira. Ndipo Africa sali kunja kwa nchitoyi. Ku Wellington, ku South Africa, fakitale ya James Sedgwick inatulutsa single malt wa zaka 10 wa dzina la Three Ships mu 2003, ndipo wisiki wao wina, Bain's, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi pa mtundu wace mu 2013 ndi mu 2018, amamcheza kucokera ku cimanga cabe, mbeu yomweyi iri m'nkhokwe zathu.

Koma nkhani ya mipikisano iri kutali. Iri pafupi ndi iyi. Lamulo la dziko lino silola kucheza kapena kugulitsa kacasu, ndipo tonse tidziwa kuti achezedwa m'midzi yambiri. Ocheza ambiri ndi amai, ena amasiye, ena amene njobvu zinawadyera munda usiku umodzi, ena amene thonje lao silinabweze ngongole ya mbeu ndi mankhwala. Ndi gaga, shuga ndi zipatso za m'nyengo amapeza ya sopo, mcere, yunifomu ndi mabuku a ana. Sindiwanyoza, alipo aphunzitsi ndi anamwino amene anaphunzira ndi ndalama ya dramu. Koma sindingabisenso kuti ndaika m'manda anzanga awiri amene tinakhala nao pa benci limodzi ku sukulu, onse asanafike zaka 45, mimba zitatupa, maso ali acikasu. Alipo abambo amene thumba la feteleza limathera pa botolo, ndi amai amene agona panja cifukwa ca nkhonya za woledzera.

Taonani tsono mmene kubisala kumaonongera mowa. Mai wocheza mwamantha sangagule mphika wa mkuwa, pakuti mawa udzalandidwa. Atola dramu limene linasunga dizilo kapena mankhwala a thonje. Sangadikire kuti gaga awire yekha, ndipo zimamveka kuti ena aikamo zinthu zosayenera kulowa m'mimba mwa munthu kuti afulumize. Sangapatutse mutu, cifukwa mutuwo ndiwo uli ndi ndalama. Sangasunge mowa ngakhale sabata. Palibe amene ayesa ukali wace, palibe dzina pa botolo, ndipo munthu akadwala palibe wofunsidwa. Coopsa koposa ndi wamalonda wosakhulupirika amene aonjezamo sipiriti ya m'mafakitale yokhala ndi methanol, poizoni amene amayamba ndi kucititsa khungu, kenaka n'kupha. Mu April 2010 anthu ngati 80 anafa motero m'boma la Kabale ku Uganda.

Maiko ena anayesa njira ya George Smith. Uganda yemweyo mu 1965 anaika lamulo lakuti ocheza a m'midzi atenge zilolezo ndi kugulitsa mowa wao ku fakitale, imene inali kuuchezanso ndi kuuika m'mabotolo a Uganda Waragi. Kenya mu 2010 analoleza kacasu wao, amene amati chang'aa, malinga ayesedwe ndi kuikidwa m'botolo. Zotsatira zace n'zosanganikirana, ndipo maliro a ku Kabale aja aonetsa kuti lamulo la pa pepala silifika lokha ku mudzi. Ngakhale ku Scotland, tisaiwale mau aja akuti mphika usacepere magaloni 40. Amene anapindula ndi alimi okhalako bwino onga Smith, okhala ndi mwini nthaka kumbuyo kwao. Osauka a timiphika ting'onoting'ono anataya njira yao yopezera lendi, ndipo ambiri anasamuka m'zigwa zao. Lamulo lotere litabwera kuno mosaganizira bwino, munthu wa ndalama wa m'tauni ndiye adzatenga cilolezo, ndipo mai wamasiye wa kwa Mnkhanya adzatsala ndi mlandu wace womwewo.

Ndiponso cilolezo sicisandutsa mowa kukhala mkaka. Tujilijili tinali kupangidwa m'mafakitale, tosindikizidwa bwino, koma tinalowa m'matumba a ana a sukulu ndi oyendetsa mabasi kufikira nduna Professor Nkandu Luo anatiletsa mu April 2012. A Scotland eni ace, ndi wisiki wao woyera wa m'miphika ya mkuwa, ali ndi bvuto lalikulu la matenda a ciwindi, kotero kuti mu May 2018 boma lao linaika mtengo umene mowa suyenera kutsikapo, kuti ucepeko kugulidwa. Ciwindi sicidziwa kuwerenga dzina la pa botolo.

Ngakhale ziri tero, ine ndiona kuti kuthamangitsana kwa zaka zonsezi sikunazimitse moto ndi pa dramu limodzi lomwe. Anthu a cigwa cino aonapo kale cinthu ca m'thengo cikutulutsidwa poyera. Pamene bungwe la COMACO linayamba kugula mpunga, nshawa ndi uci kwa alimi, alenje ambiri opha nyama mobisa anapereka mfuti ndi mawaya ao, cifukwa anapatsidwa msika m'malo mwa ndende yokha. Nkhani ya kacasu iyenera kukambidwa motero, pa bwalo, pali mafumu athu 6 a Cikunda, khonsolo ya Mambwe, a zaumoyo, a mipingo, ndi amai ocheza eni ace, osati kuwakambira iwo ali m'thengo. Ngati njira ndi gulu la amai lokhala ndi mphika umodzi wabwino ndi munthu woyesa ukali, ikambidwe. Ngati njira ndi kuwapezera malonda ena kuti aleke, amene anena zimenezo abwere ndi msika m'manja. Kumbukirani kuti ku Scotland amene anayamba kulankhula m'nyumba ya malamulo anali mwini nthaka, amene anali kudziwa anthu ace maina ndi maina.

Ndinabwerera kwa mwana wa mlongo wanga kukamuuza zonsezi. Anamvetsera mpaka pa nkhani ya mutu, ndipo pamenepo anaseka nati agogo ace sangabvomere kuti munthu wanzeru zace angabwezere nambala wani mumphika. Botolo la zaka 12 lija linali lidakali pa thabwa, litatsala theka. Mitambo inali itayamba kusonkhana ca ku mapiri a Muchinga, ndipo msasa wao utsekedwa mvula ikagwa mu November. Anati adzalikulunga m'nyuzi ndi kuliika m'bokosi pamodzi ndi matambula, mpaka miseu idzaume mu May.